Chipsera Chosaoneka

Felizarda wagwanso lero
pa msika wa Ulongwe, pakati pa matumba a kachewere.
Anthu anapatuka ngati wina wamwaza madzi otentha.
Mayi wa tomato anakoka mwana wake:
"Usakhudze thovulo, ungatengere khunyu."
Thovu lomwe ine ndimapukuta ndi dzanja.

Ndinamugoneka chammbali, chitenje kunsi kwa mutu,
mpaka miyendo inatopa kumenya fumbi.

Apongozi amati ndi azakhali a ku Domwe,
nkhani ya munda ija.
Bambo ake amati kwawo kulibe zoterezi,
ndiye kuti ndi magazi anga.

Adokotala ku Tete sanafunse za munda.
Anafunsa: pobadwa analira msanga?
Anagwapo n'kumenyetsa mutu?
Nkhumba zimafika mpaka pati, chimbudzi chilipo?
Nditatchula malungo a chaka cha mvula yambiri,
masiku atatu osatsegula maso,
anasiya kulemba.

Akuti ubongo umasunga chipsera
monga mwendo umasungira cha khasu,
ndipo nthawi zina pachipserapo pamang'anima mphezi.
Akuti kwa ena chifukwa sichipezeka n'komwe.

Ndiye kuti udzudzu.
Kanthu kofa ndi chikhatho chimodzi.
Zaka zisanu ndi chimodzi osawapatsa moni azakhali
chifukwa cha udzudzu.

Wadzuka tsopano, akufunsa patapata wakumanzere.
Madzulo ano kam'bulu koyera kaja, ndi madzi.
Mawa ndikwera shapa ya ku Domwe,
nkhuku m'manja.
Mawu ake sindinawapeze.