Padenga ku Fayoum

Ndimadzuka kumzikiti asanaitane,
nkukwera makwerero khumi ndi asanu ndi awiri
kupita padenga, kumene akalulu anga amagona
m'makola a waya amene Abdel-Tawab anakhoma
chaka chija asanapite ku Kuwait
kukamanga nyumba za eni.

Amandimva ndisanafike.
Amaguguda pansi ndi miyendo yakumbuyo
ngati odzalonjerera ngongole.

Munda wathu ndi kachigamba chabe.
Utaima pangalande nkuponya khasu
likagwera m'anyezi a Shaaban.
Komabe umatipatsa msipu m'nyengo yozizira,
masamba a chimanga, makoko a nyemba,
ndi denje wothyola Lachisanu.
Ndowe zimatsika padenga m'thumba la feteleza
kubwerera komwe zinachokera.

Ndinamuuza Ragab: usawapatse mayina,
chinthu chokhala ndi dzina chimavuta kulowa mumphika.
Anangoti chabwino, amayi.
M'mawa mwake ndinamumva akunong'oneza wamphongo uja,
Basha, idya,
ndipo wamkazi wa khutu lopindika
anali atasanduka kale Sukkara.

Tsiku la msika ku Sinnuris
wogula amanyamula mmodzi, nkumugwedeza m'mwamba,
nkhope atakwinya ngati walawa ndimu.
Wawonda uyu, amatero.
Ine chete, dzanja nditatambasula.
Ndimadziwa kuti wanyamula makope a Ragab
ndi theka la nsapato.

Kenako Ogasiti anafika ndi ng'anjo yake.
Kalulu satuluka thukuta,
amangogona chotambalala, makutu piriwiri,
kupuma wefuwefu.
Ndinkaumitsa madzi m'mabotolo mufiriji ya Nagwa
nkuwagoneka m'makola ngati ana obwereka,
ndinkanyowetsa masaka, dzuwa nkumwa, ine nkunyowetsanso.
Magetsi anathima masiku awiri.

Basha anafa dzuwa lili paliwombo.
Anamupeza ndi Ragab.
Sanalire. Anatenga khasu lomuposa msinkhu
nkukakumba patsinde pa kanjedza.
Pofika madzulo anali atakumba kasanu.

Sukkara anali ndi bere la masiku makumi atatu.
Ndinamukulunga mumpango, kutsika naye kuchipinda,
kumuika pafupi ndi mtsuko wa madzi
umene umatuluka thukuta m'malo mwa tonsefe.
Usiku ndinamva kukanda, kukanda,
koma tulo ta wotopa tilibe makutu.

Kutacha ndinagwada kusuzumira kunsi kwa bedi.
Anali atalowa m'katoni
momwe ndinapindamo mkanjo waubweya wa Abdel-Tawab,
wovala paukwati ndi pamaliro uja,
umene ndimaununkhiza Ragab akapita kusukulu.
Anaubowola pachifuwa penipeni,
nkuzula ubweya wa pachifuwa pake kuyalapo.
Mkatimo tiana tisanu ndi tiwiri,
tofiira, tosaona, tonga zala za m'manja,
tikukankhana m'thumba
momwe munkatsalirabe kafungo ka fodya wake.

Dzanja langa linakwera lokha.
Iye anangondiyang'ana ndi diso limodzi, mphuno ikugwedera.
Ndinalitsitsa, nkupita kukamuthyolera msipu
umene unapulumuka m'mphepete mwa ngalande.

Lachisanu foni inalira.
Alipo angati? Ndilo funso lake loyamba,
za ine zimabwera pambuyo, ngati mayunitsi atsala.
Ndinati achoka asanu, abwera asanu ndi awiri.
Mulungu ngwamkulu, anatero,
kumbuyo kwake makina osakaniza simenti akulira.
Nanga mkanjo wanga, Fawzeya,
njenjete sizinaulowe?

Njenjete ayi, ndinayankha.
Ukufunda bwino.

Magetsi anayaka usiku womwewo,
firiji ya Nagwa nkuyambanso kung'ung'udza kuseri kwa khoma.
Ragab anagona chafufumimba pasimenti,
mutu uli kunsi kwa bedi.
Ndinamumva akuwerenga chapansipansi,
kenako akuyesa mayina limodzilimodzi,
kubweza ena, kusunga ena.
Ndinatembenukira kukhoma
ngati ndagona.