Nyumba Nambala 14, Yoyang'ana ku Mtsinje

Ndimayambira pa zenera, monga anandiphunzitsira.
Taonani mtsinje wa Clyde, ndimatero,
taonani mmene dzuwa limagonera pamadzi,
likakumbukira kutuluka.
Mwamuna amagogoda khoma.
Mkazi amayeza ndi maso podzaika bedi.

Sindiwauza kuti pansi pa bafali
panali chitsetse chopakidwa girizi
pomwe zombo zinkabadwira chafutambuyo.

Gilfillan ndi Ana Ake.
Anayamba ndi macheka awiri ndi ngongole ya kwa apongozi,
matabwa kaye, chitsulo pambuyo.
Zaka zana limodzi za nyundo.
Lipenga likalira mbandakucha
misewu inkasanza amuna a zipewa zofanana,
buledi m'thumba, chifuwa pamtima,
ndipo akazi sankayanika zoyera Lolemba
mphepo ikachokera kudoko.

Bambo anga, Dougal Pirie, anawotcherera kumeneko
mpaka makutu awo anatseka zitseko.
Kunyumba tinkalankhula nawo ndi manja,
mchere, tiyi, mvula, kagoneni.

Chombo chomaliza chinali cha nambala 612.
Botolo linakana kusweka, linachita kubwerezedwa katatu.
Anthu anaseka, koma kuseka kwa pamaliro.
Maoda anali atasamukira kutsidya kwa dziko
komwe thukuta linali lotchipa.

Ndiye kunabwera mdzukulu, Struan Gilfillan,
wa manja osadziwa dzimbiri.
Anakhala usiku ndi mabuku a ndalama
napeza zomwe agogo ake anazipondaponda osaziona:
dothi la pansi pa nsapato
linali lodula kuposa zonse zomangidwa pamwamba pake.
Sindimuda.
Masamu alibe m'bale.

Pachikwangwani anafufuta mawu awiri okha,
Omanga Zombo,
dzina analisiya.
Makireni anawadula ngati nyama ya pamsika
kusiyapo imodzi, yopentedwa buluu,
yoti alendo azijambulitsa.
Nangula ali pakati pa maluwa, wagwira kapinga
kuti asathawe.
Mdadada uliwonse uli ndi dzina la chombo.
Ine ndimagulitsa mu Lady Euphemia,
yemwe mnzake weniweni anaphwasulidwa kalekale
pagombe lomwe sindinalionepo.

Lamulungu lina ndinabwera nawo bambo.
Makiyi ndinali nawo, panalibe woletsa.
Anavula nsapato pakhomo osauzidwa,
anayenda ndi masokosi pamatabwa onyezimira
akuwerenga mapazi chamumtima,
naima pafupi ndi firiji.
Apa, anatero mokweza, monga amachitira ogontha,
apa ndi pamene Wattie anagwera.
Kenako anatuluka pakhonde,
nayendetsa chala pamsoko wa chitsulo chotchingira,
pang'onopang'ono, ngati dokotala.
Anapukusa mutu.
Ameneyu akanagwira kwa ine tsiku limodzi lokha.

Pobwerera anafunsa mtengo.
Ndinawalembera papepala.
Anayang'ana, nayang'ananso, nalipinda kanayi
n'kuliika m'thumba momwe munkakhala buledi.

Malipiro anga amabwera ndi chidindo chomwecho
chomwe chinali pa envulopu yawo ya Lachisanu,
kachombo kakang'ono, matanga atatu.
Chinandigulira yunifolomu ya sukulu,
lero chikundilipirira lendi
kutali ndi madzi, kuseri kwa njanji.

Mkazi uja watembenuka.
Kuno n'kwa phee, akutero, sichoncho?
Inde, mayi, ndikuyankha,
kuli zii.
Ndipo ndikuwapatsa cholembera.