Chitini cha Malisiti

Loweruka usiku ku Turffontein.
Magetsi apita, kandulo yatsala ngati chala,
mphepo ya Julaye ikukwawa pansi pa chitseko.
Ndakhuthulira pabedi chitini cha malisiti,
chaka chathunthu chili mbwee pabulangete.

Masana ndine mlonda wa pageti ku Booysens.
Kumeneko msonkho sundifunsa,
malipiro amafika atametedwa kale.
Koma iyi ya makina osokera,
ya mazipi, ya kupinda mathalauza,
ya diresi la ukwati la mwana wa a Matewere
limene linandidyera tulo masiku anayi,
iyi palibe anaiwerengapo koma ine.

Ligomeka akuti ndikudzivuta chabe.
“Tindalama ta zipi boma lingatifune?
Unaonapo njovu ikuthamangitsa chiwala?”
Iye amakonza mafoni pafupi ndi renki,
chibwerere sanagwirepo fomu.
Koma Esinati, msungichuma wa mpingo wathu ku Rosettenville,
anandiyang'ana pamwamba pa magalasi:
“Kuchepa si kusowa, achimwene.
Kadontho kako kakugwera mumtsuko womwewo wa malipiro.
Lembani. Kaya atapa pang'ono, kaya akusiyirani,
koma apeze kuti munanena nokha.”

Ndiye ndikuwerenga.
Chaka chawo akuti chimayamba Malichi,
nthawi imene kwathu ku Ntcheu tikukazinga mondokwa.
Malichi, marandi mazana asanu ndi limodzi.
Epulo, mayunifolomu a sukulu anandikumbuka.
Juni, zii.
Ndinadwala chifuwa, makina anagona atafunda chitenje.

Ulusi, masingano, mafuta,
lamba amene anaduka mu Okutobala,
izi akuti ndichotsere, bola pepala likhalepo.
Koma lisiti ya nsalu ya ku Fordsburg yafufuta,
inki inathawa kalekale,
latsala pepala loyera
ngati sindinagulepo kanthu.
Nanga jekete la a Chikhadwe, analitenga mu Disembala,
“ndikuona mawa,” mpaka lero,
ndililembe pati?
Fomu ilibe bokosi la mawa.

Bambo a bambo anga, a Dafuleni,
anabwera ku Joni kuno ndi Wenela
kudzafuna ya msonkho wa nyumba ya udzu.
Anabwerera ndi njinga, bokosi lachitsulo
ndi chifuwa chimene sichinawasiye.
Iwo msonkho unawathamangitsa kumudzi.
Ine wandipeza konkuno,
m'chipinda cha lendi kuseri kwa galaja,
ulibe chikoti, ulibe mesenjala,
uli m'foni, ukudya bandulo yanga mwakachetechete.

Ndiponyere kukhosi? Ndani angadziwe?
Ndalama zake zinalowa m'thumba, zinatuluka,
zina zinakwera basi kupita kwa mayi a Tadala,
zina zinasanduka palafini.
Koma mapepala anga okhalira m'dziko la eni
ndimawasunga m'pulasitiki ngati mankhwala,
ndipo sindifuna tsiku lina, pa windo lina,
munthu adzandifunse za zipi
ine n'kuyamba kuyang'ana pansi.

Funso lili pagalasi losweka la foni:
kodi munapezako ndalama ina mwa inu nokha?
Chala chaima m'malere.
Panja takisi ikuliza hutala, galu wa alandilodi akuuwa mdima.
Ndaphatikiza kachitatu kuseri kwa kalendala,
kawiri zagwirizana.
Nambala yake ndi yaing'ono, yochititsa manyazi,
koma msana wanga ukuidziwa yonse,
randi iliyonse ndi msoko wake.

Ndadina kuti inde.

Palibe lipenga lalira.
Kandulo yatsomphoka, yazima,
ndakhala mumdima ndi fungo la phula.
Kenaka firiji yatsokomola, babu layaka,
makina andiyang'ana pakona paja.
Pampando pali thalauza la Ligomeka,
akufuna ndilifupikitse mwendo asanapite kutchalitchi.
Ndimutchaja makumi atatu.
Ndatenga kabuku katsopano, tsamba loyamba,
ndalemba tsiku, ndalemba dzina lake.