Waya wa Buleki

Sindinabwerere mapemphero, ndinene zoona.
Ndinabwera ndi babatoni pakeliyala,
womanga ndi malegeni atatu,
kuchokera ku Mchini mpaka kutchalitchi cha ku Kapata,
eni ake, a Yotamu Njobvu, akutsata wapansi,
kukuwa pabampu iliyonse
ngati ndanyamula mwana wodwala.
Teni kwacha yanga anati ndilandira tikaweruka.
Ndiye ndinakhala benchi lakumbuyo,
diso limodzi kuguwa, lina panjinga.

Anayamba ndi anyamata a kiyibodi,
masuti oyera, nsapato zosongoka,
masipika akugunda m'chifuwa ngati chigayo.
Nyimbo yachitatu ili pakati, malaiti thii.
Wina anaseka. Khanda linalira.
Amayi a chigwirizano anakweza mafoni m'mwamba
ndipo m'kuwala kochepako munaimirira okalamba anayi.

Banjo ya chigubu cha mafuta ophikira.
Gitala wong'aluka, womata ndi guluu.
Babatoni wanga uja, pakuti pofika apa ndinkamutcha wanga.
Ndi mai Lekesina Soko, manja kumbuyo,
mawu awo oonda, okwera mowongoka
ngati utsi wa uvuni wa njerwa m'mawa wopanda mphepo.

Zala za mkulu wa banjo zinayamba pang'onopang'ono,
madontho oyamba pamalata,
kenaka mvula yonse.
Ankaimba za mtsinje woti tidzawoloke tonse,
aliyense ndi katundu wake pamutu,
ndipo mapazi pansi pa mabenchi anavomera okha.

Atate ankakhwacha chonchi pakhonde ku Chadiza
mpaka mkulu wa mpingo anadzawauza
kuti banjo ndi ya kumowa.
Anaipachika kudenga osayankha.
Tinaitsitsa tikusesa maliro awo,
dzimbiri litadya waya zonse kupatula imodzi.

Ndili m'maganizo amenewo ndinamva twa!
Waya waduka.
Mkulu uja anaima, akuyamwa chala,
akuyang'ana chigubu chake ngati chamunyoza pagulu.
Abusa anakhosomola, natsegula buku la nyimbo.

Miyendo inanditulutsa yokha panja.
Pulayala ndimasunga pansi pa chishalo.
Ndinamasula buleki wakumbuyo,
kupotokola chingwe, kusolola kawaya kamodzi,
ndi kudutsa pakati pa mpingo wonse
ndi patapata wanga, ndi thukuta la tsiku lathunthu.
Sanandifunse dzina.
Anamanga, anakunga, khutu pachigubu,
anakunganso,
nagwedeza mutu kwa mai Lekesina.

Mtsinje uja anauyambira pomwe anausiya.
Ndinamva buleki wanga akulira pamwamba pa onse,
yemwe zaka zinayi wangodziwa kuimitsa,
lero akuthamangitsa anthu mazana awiri.
Malaiti anabwera nyimbo isanathe
koma wa kiyibodi anangopinda manja.

Teni kwacha ndinalandira, sindine wopusa.
Babatoni anagona kuvesitili.
Ndinatsetsereka ndekha usiku,
phiri la Kanjala lili bii kumbali,
chidendene patayala, patapata akununkha mphira wopsa,
agalu a m'Mchini akundiperekeza,
ine ndikung'ung'udza mbali ya atate.

Mawa chingwe chatsopano ndi fifitini kwacha
kwa Fanuele pamsika.
Ndaluza faifi.
Ndawerengera kawiri, ndipo tulo sitikubwera,
zala zikungokhwacha bulangete.