Nthambo Ziwiri

Ndalama zinathera ku mapaipi.
Zotsala ndinagulira nthambo pa Lizulu,
kwa mnyamata wa mabatire, kuseri kwa milu ya kabichi.
Anaisenda ndi mano nasuzumira mkati.
“Ziwiri zokha, achimwene?”
Ndinati zikwana.

Thanki ya a Gelesomu ili pamtunda,
pampu ili kudambo,
pakati pali kachewere ndi mwala umene unakana kusuntha.
Ndinaika kachipangizo kumtunda, kanzake kumunsi,
tating'ono ngati bokosi la machesi,
tamiyendo yambiri ngati bongololo,
koma pa miyendo yonseyo ndinamangapo iwiri.

Nthambo yoyamba siyankhula.
Imangogwirizanitsa awiriwa kuti pansi ndi pati,
pakuti woima pachulu ndi woima m'dzenje
sangamvane za msinkhu wa mwana.

Yachiwiri ndi mlatho wa mtengo umodzi.
Mawu sawoloka chigulu,
amandanda:
kuyaka, kuzima, kuzima, kuyaka,
asanu ndi atatu, wina pambuyo pa mnzake.
Patsogolo pamayenda odi,
pambuyo tsalani bwino,
kenako zii.

Tsiku loyamba ndinachita manyazi.
Kakumtunda kankathamangitsa mawu
ngati kondakitala woitanira za ku Balaka,
kakumunsi kakumvetsera mwa ulendo wa ngolo.
“Yadzaza” anafika kudambo ali nyusi zokhazokha.
Pampu inalira usiku wonse,
madzi anasefukira, nakokolola mizere isanu ndi umodzi.
M'mawa a Gelesomu sanandikalipire.
Anangondipatsa khasu.

Madzulo, matuza ali m'manja,
ndinatsitsa liwiro mbali zonse ziwiri
mpaka tinapumira limodzi.
Ndinawonjezanso kachiwerengero kumchira kwa uthenga,
kuti wolandira awerenge ngati mayi wowerenga chenje:
chikaperewera, atayiretu, adikire wina.

Tsopano ndi Juni.
Chifunga chameza phiri, thanki siyioneka.
Ndaziona, mwana wawo, sakweranso mtunda mbandakucha
kukakuwa “Zimitsaniii!” mphepo n'kumubwezera mawu kumaso.
Amagona mpaka tambala wachitatu.
Pansi pa mame, m'mbali mwa mzere,
kamawu kamatsetsereka kokha,
pampu n'kutsokomola kamodzi, n'kukhala chete.

Anthu akundifunsa ngati muli mankhwala.
Mulibe.
Muli kugwirizana pansi, kugwirizana liwiro,
ndi kudikira mnzako amalize.

Pobwerera ndimadutsa pa nyumba ya mlongo wanga Nangozo.
Mpanda wathu ndi umodzi, mtengo wa pichesi ndi umodzi,
mafoni tili nawo tonse, a mayunitsi.
Chichokereni maliro a bambo,
chilimiranireni malire a dimba lija,
palibe wanena odi.

M'thumba mwanga mwatsala kanthambo,
kosakwana ndi mkono womwe.
Ndimakapotapota ndikamadutsa,
ndipo dzulo ndinaima pang'ono pa chipata.
Galu wake anandinunkhiza mapazi.