Mafupa a Twaibu

Ine ndine kalipentala wa kwa Mpondasi,
thabwa losakhwima ndimalidziwa ndi chikhadabo.
Koma za mwana wanga zinandipita.

Anabadwa Lachiwiri, magetsi atathima,
mutu wofewa ngati papaya lakupsa,
nthiti zikulowa m'kati akamapuma.
Apongozi anati alipo amene sanadike.
Asiyatu anayang'ana khoma. Ine nsapato zanga.

A dokotala Mtambalika anakweza chithunzi cha ekisire pazenera:
mafupa ngati utsi wa mbaula,
apa alipo, apa palibe.
Magazi anakwera galimoto kupita ku Blantyre.
Masabata atatu ndinapala thabwa limodzi
mpaka linatha.

Yankho linabwera ndi dzina lalitali
lomwe lilime langa likulikanabe.
Akuti m'thupi mwake mukusowa mmisiri
woumitsa fupa.
Akuti mbali ina n'njanga, ina nja mayi ake,
tinasenza osadziwa, monganso makolo athu.
Palibe anachimwa. Palibe analodza.

Ndamukhomera kabedi ka mbawa kodikira tsiku lotuluka.
Asiyatu akuti ndiyale thonje kawiri.
Kuwodi ndimamunyamula ngati galasi la eni ake,
iye n'kundigwira chala, Twaibu,
zolimba ndithu.