Magazi Obwezedwa

Ndinafika nditapinda kale mkono wa malaya,
njinga ya kabaza nditaitsamiritsa pampanda wa Central,
matope a ku Chiputula akadali m'masipoko.
Mkulu wanga Fwasani anali atatuwa ngati phulusa,
macheka a ku Chikangawa atamudya ntchafu,
ndipo adokotala anati pakufunika magazi.
Ndinati tengani angawa, ndi ambiri,
ndimakwera nawo chitunda cha ku Katoto
nditanyamula mayi, mwana ndi thumba la makala.

NyaChavula anatapa pang'ono m'kabotolo, natuluka.
Panja mawawa aja a Mzuzu
amene sanyowetsa msanga koma salekanso.
Pobwera sanafikire pampando.
Anayamba watseka chitseko.

Mtima unathamangira ku matenda aja a pazikwangwani.
Iye anapukusa mutu: si amenewo, achimwene,
awa ndi a chiwindi, hepataitisi B.
Ndinaseka.
Chiwindi ine ndimachidziwa pachiwaya ku depoti,
chowaza mchere ndi tsabola, cha faifi handiredi.
Sindinkadziwa kuti changa chili ndi mlendo
wosagogoda, wosalipira lendi,
wosatsokomola n'komwe usiku kuti umve kuti alimo.

Ndinatsitsa mkono wa malaya.

M'wodi, pabedi loyandikana ndi la Fwasani,
panagona a Msiska, mphunzitsi wopuma ntchito,
maso ali chikasu ngati mafuta ophikira a m'timachubu,
mikono ngati bango, mimba ngati ng'oma,
kapaipi kakudonthetsera madzi m'ndowa, do, do, do.
Akazi awo ankauza aliyense wodutsa
kuti bambowa mowa sanaulawepo, ndi mkulu wa mpingo,
ngati kuti m'wodimo muli bwalo la milandu.
Alamu awo ankanong'ona za munda wolimbirana ku Enukweni
ndi dzina la amene akumuganizira.
Dzulo ndinkawayang'ana ndi chisoni cha munthu wodutsa.
Lero ndinawapatsa moni ngati wakwathu.

Usiku kumalo ogona osamalira odwala tulo sitinabwere.
Ndinawerenga malezala.
Lija la ku Ekwendeni, tili ana asanu pamzere,
mphini pachifuwa kuti chifuwa chithe.
Makina a kometa tsitsi pa Zolozolo.
Atsikana awiri ndisanakwatire, mwina atatu.
Kenako amayi,
amene anandibereka pamphasa mvula itadula mlatho.

M'mawa ndinapita nawo mndandandawo kwa NyaChavula.
Sanaulandire.
Anati musasake wolakwa, mudzatopa chabe,
ambiri amakatenga asanadziwe kutchula dzina lawo.
M'wodi muno mokha, mukanati muziona m'magazi,
mukanapeza kuti simuli nokha,
wina anabwera ndi mwendo, wina ndi malungo,
kachilomboko kali phee, kakudikira zaka zake.
Ena amakalamba nako. Ena amafunika mankhwala.
Tiziyeza, tiziona. Mowa ndiye muusiye.
Kenako anafunsa: kunyumba kuli ndani?

Kuli Temwachi.
Miyezi isanu ndi iwiri, mapazi otupa,
wasoka kale timalaya tiwiri ta flanelo.

Fwasani analandira thumba lochokera m'firiji,
magazi a munthu amene sitidzamudziwa,
mwina mwana wasukulu amene anapatsidwa fanta ndi bisiketi.
Milomo inayamba kufiira madzulo.
Anandifunsa ngati ali anga.
Ndinati imwani phala lisanazizire.

Mawa m'bandakucha, nkhungu isanachoke pa Luwinga,
ndipukuta mpando wakumbuyo,
ndiyalapo chitenje chopinda kanayi.
Kasitomala woyamba salipira.
Ndipalasa pang'onopang'ono, kuzemba maenje onse,
tikayezetse, tikafunse za katemera wa wobwerayo,
tsiku lake, ola lake, ndilembe pachikhatho.

Zoti ndimuuza bwanji sindinakonze.
Pamtsetse ndimasiya chogwirira chimodzi,
dzanja n'kupita lokha kumanja, pansi pa nthiti,
monga umagwirira thumba la ndalama mumsika.